Mazenera a Nyumba ya Azakhali

Ndikukumbukira chaka chimene ndidakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, pamene mzinda wa Bulawayo unkakula ngati mwana woyamwa bwino. Kulikonse kumene munthu akanayang'ana kunkamangidwa chinachake. M'mawa uliwonse msewu wochokera kwathu ku Luveve unkadzaza ndi amuna a panjinga opita ku mafakitale a ku Belmont, ndipo fumbi la njinga zawo linkakhalabe m'mwamba iwo atapita kale. Mmodzi mwa amunawo adali bambo anga, aPhiri, amene adachoka ku Dedza akadali mnyamata n'kudzapeza ntchito m'fakitale yopanga mafelemu achitsulo a mazenera ndi zitseko.

Ankabwera madzulo akununkha penti wofiira ndi chitsulo chopsa. Nthawi zina Lamlungu, tikachoka ku tchalitchi, ankandikweza pa njinga n'kupita nane kumayadi, kum'mawa kwa mzinda, kumene kunkakhala azungu. Sitinkaima pa geti lililonse, chifukwa kumeneko munthu wakuda woima popanda ntchito ankafunsidwa mafunso. Bambo ankangochepetsa liwiro n'kuloza ndi chibwano. "Waona mazenera awo, Esinati? Manja anga amenewo." Ankanena mokondwa kwenikweni, ndipo inenso ndinkakondwa. Pa nthawiyo sindidaganizepo zakuti nyumba yathu ya khonsolo idali ndi timazenera tating'ono, toti ngakhale mutu wanga sukanatulukirapo bwino.

Ku fakitaleko, mafelemu opindika pang'ono kapena owotcherera molakwika ankagulitsidwa motchipa kwa antchito. Bambo ankagula limodzilimodzi, n'kudzaliwongola okha kunyumba ndi hamala. Adawaimika kuseri kwa nyumba, pakhoma, nawafunda masaka. Ntchito yanga ya Loweruka lililonse idali kuwavundukula ndi kuwapukuta ndi kansanza konyika mu oyilo wakale kuti asachite dzimbiri. Oyiloyo ankalowa m'zikhadabo ndipo sankachoka ngakhale ndi sopo, moti Lolemba kusukulu ndinkabisa manja pansi pa desiki. Koma sindinkadandaula. Bambo ankati, "Amenewa ndi a nyumba ya kwathu." Ine ndidabadwira ku Luveve ndipo ku Dedza ndidali ndisanapondeko, koma mawu akuti kwathu ndinkawamva tsiku ndi tsiku, ndipo ndidangoganiza kuti inenso ndili m'katimo. Ndidasankha ngakhale zenera langa: lalikulu, lotsegukira mbali zonse, lokhala ndi chogwirira chamkuwa. Anzanga onse a mumsewu wathu ankalidziwa, pakuti ndinkawaitana kudzaliona.

Amayi anga, aNabanda, sankalankhula za nyumba imeneyo. Iwo adabadwira pa mgodi wina waung'ono wa cha ku Gwanda. Makolo awo adali ochokera ku Nyasalande, koma adali matchona, anthu amene adakhalitsa kunja mpaka njira ya kumudzi idawatayika. Onse adamwalirira pa mgodipo. Amayi ankadziwa dzina la mudzi wa mayi awo, koma sankadziwa kuti uli m'boma liti, ndipo padalibe munthu woti amufunse. Mgodiwo utatsekedwa, nyumba za antchito adazigwetsa. Kwa amayi, malo amene adakhalapo nthawi yaitali kuposa ena onse adali nyumba yathu ya ku Luveve ija, imene adaidzalira mapapaya kumbuyo, ndipo khonde lake ankalipaka polishi wofiira mpaka munthu kudziona nkhope.

Koma nyumbayo sidali yathu. Masiku amenewo nyumba ya khonsolo inkayenda ndi ntchito: mwamuna akakhala pa ntchito, banja lili ndi nyumba, ntchito ikatha, nyumbanso yatha. Tsono m'nyengo yozizira ya chaka chimenecho akhonsolo adalengeza chinthu chimene anthu sadachimvepo. Adati amene akhala nthawi yaitali m'nyumba za lendi angathe kuzigula. Munthu ankayenera kupereka ndalama yoyamba nyengo yozizira isanathe, ndipo yotsalayo azipereka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Oyandikana nafe, banja la Chindebele la mayi wina amene tinkamutchula kuti MaSibanda, adakalembetsa sabata yomweyo. Amayi adawauza bambo nkhaniyo kangapo, mofatsa, ndipo bambo ankangoti amva.

Chimene bambo adasunga m'zaka zawo zonse za ntchito chikanakwanira chinthu chimodzi chokha. Akanatha kulembetsa nyumba ya ku Luveve, kapena kutumiza mafelemu aja pa sitima ndi kugula malata ndi njerwa ku Dedza. Zonse ziwiri sizikanatheka.

M'masiku omwewo kudafika mlendo, a Yohane, mwana wa azakhali, mlongo wawo wa bambo. Adali mwamuna wamtali, wokwatira kale, wovala nsapato zimene zinkaoneka kuti zikumupweteka. Polonjera bambo, a Yohane adagwada, nawatchula kuti atsibweni, ndipo ndidaona bambo anga akusanduka munthu wina. Munthu amene ku fakitale ankaitanidwa ndi mluzu, pano adakhala pampando mowongoka, akufunsa za minda, za maliro ndi za maukwati, ndipo a Yohane ankayankha atazyolika. Kwa ine msuweniyo adali wanthabwala. Ankaseka Chichewa changa chosakanikirana ndi Chindebele, amvekere, "Msuweni, lavula kaye chule wamezayo, kenaka undipatse moni."

Loweruka masana ndidawapeza kuseri kwa nyumba akumanga mafelemu aja m'mitolo ndi waya. Ndidaima pafupi ndi kansanza kanga m'manja, ndipo nditaona kuti afika pa zenera langa ndidawauza kuti akaliike mbali ya kum'mawa, chifukwa ndi la chipinda changa.

Adaleka kupota waya. "Chipinda chako? Cha kuti?"

"Cha kwathu."

Adaseka mpaka kugwira pakhoma. "Iii, msuweni wa m'tauni! Mwayamba kale kugawana zipinda? Nyumba imeneyi ndi ya amayi anga ndi alongo anga. Iwe ukadzabwera tidzakuphera nkhuku yonenepa, chifukwa ndiwe mwana wa atsibweni. Koma mlendo sasankha zenera. Kwanu ndi kwa amayi ako." Adapitiriza ntchito yawo, kenaka adafunsa mosaganizira choipa chilichonse, "Kodi amayi akowo kwawo n'kuti?"

Inenso sindinkadziwa. Amayi adali pa mpopi, mapazi ochepa kuchokera pamenepo, akutsukuluza zovala za ang'ono anga. Ndidamva madzi akusefukira m'beseni, koma iwo sadatseke mpopi.

A Yohane sadaname. Kwathu kwa Achewa ana ndi a kuchikazi, ndipo mwamuna udindo wake waukulu uli pa mbumba yake, alongo ake ndi ana awo. Zimenezi aliyense wakumudzi amakula akuzidziwa. Ine ndidakulira pakati pa Andebele, ndipo palibe adandiuzapo. Ndidathamangira ku mpanda wotilekanitsa ndi oyandikana nafe aja ndikulira, ndipo MaSibanda atamva nkhaniyo adagwira pakamwa. "Hawu, bakithi! Abantwana ngabakayise," adatero, kutanthauza kuti ana ndi a bambo awo. Adabwereza mawuwo ngati akuuza munthu wogontha, kenaka adati, "Inu anthu a ku Nyasa mumayendera mutu pansi." Choncho ndidaima pa mpandapo, mbali iyo ndili wa bambo, mbali ino ndili wa amayi, ndipo mbali zonse ziwiri zinkandipereka kwa anzawo.

Tsiku lotsatira, titachoka ku tchalitchi, a Yohane adapita ndi anyamata ena akumudzi kukaona mzinda. Ine ndidali pakhomo ndikusenda mtedza. Amayi adalowa, nagwada pafupi ndi mpando wa bambo monga ankachitira nthawi zonse.

"Bambo ake a Esinati, ndili ndi mawu."

"Nenani, Nabanda."

"Mafelemuwa adikireko chaka chimodzi. Sakudya kanthu, ndipo mwanayu akuwasamala. Koma akhonsolo sadikira."

Bambo adapuma mozama. "Nyumba ino ndi ya azungu. Lero akuti gulani, mawa adzati tulukani. Ndi angati adawasamutsa ife tikuona ndi maso? Mlongo wanga akugona m'nyumba yodontha ine ndili pa ntchito zaka zonsezi. Mukudziwa chimene akunena kumudzi? Akuti Phiri adatchona. Kwanu n'kwanu, Nabanda, m'thengo mudalaka njoka."

"Nanga ana awa kwawo n'kuti?"

"Mwambo mukuudziwa."

"Ndikuudziwa. Kwawo ndi kwa mayi awo. Ndiye muwatenge mukawasiye pa dzenje la mgodi lija, pakuti kwa mayi awo ndi kumeneko."

Aka kadali koyamba ndi komaliza kumva amayi akulankhula motero kwa bambo, ndipo adanena mawuwo akadali chigwadire, osakweza mawu. Bambo adatembenuza chipewa chawo pa bondo kwa nthawi yaitali. Pomaliza adati, "Ntchito ilipo. Mzinda ukukula, inunso mukuona. Mwayi wina udzabwera."

Lolemba m'mawa kudabwera ngolo ya abulu kudzatenga mitolo ija kupita nayo ku siteshoni. Bambo adali atapita kale ku ntchito. Ine ndidakhala pakhonde nditavala yunifolomu, ndikuyang'ana kumbali. Amayi adandiitana kuti ndigwire mbali ina ya mtolo umene mudali zenera lija, ndipo tikuyenda nawo pang'onopang'ono kupita ku ngolo adandilankhula motsitsa mawu kuti a Yohane asamve.

"Nyamula bwino. Bambo ako sadabe, sadamwere mowa, sadakwatire mkazi wina. Achita chimene amachita mwamuna wolongosoka kwawo. Usadzawanyoze, ngakhale mumtima. Koma iwe uphunzire kufunsa msanga. Chinthu usanayambe kuchipukuta, uzifunsa kuti ndi cha yani."

Waya adandicheka m'chikhatho, ndipo pakhoma pamene padali mafelemu padatsala mizere yakuda ya oyilo imene mvula sidaichotse mpaka tsiku limene tidachoka.

Pakuti tidachokadi. Ndili ku sekondale, makina odulira zitsulo adawagwira bambo dzanja lamanja n'kuwadula zala. Adawapatsa kangachepe kopepesera ndipo ntchito idathera pomwepo. Mzinda udali ukukulabe, koma munthu wa dzanja limodzi udalibe naye ntchito. Pasanapite nthawi akhonsolo adafuna umboni wakuti mwini nyumba ali pa ntchito, ndipo ife tidalibe. Tidanyamula katundu pa wilibala yobwereka n'kukachita lendi chipinda chimodzi ku Njube, chimene tidachidula pakati ndi nsalu. MaSibanda adatithandiza kunyamula miphika akulira. Mwamuna wake naye ntchito idadzamuthera, koma iwo palibe adawagogodera, chifukwa nyumba idali kale m'dzina lawo, ndiponso adali ndi ng'ombe kwawo kumudzi zogulitsa pa nthawi ya mavuto. Patapita zaka, dziko litalandira ufulu, mwayi wina umene bambo ankanena uja udabweradi, koma udali wa anthu okhala m'nyumbazo pa nthawiyo. Nyumba yathu idagulidwa ndi banja limene lidalowamo ife titatuluka.

Sukulu ndidaimaliza chifukwa cha tomato ndi masamba amene amayi ankagulitsa pa msika, ndiponso chifukwa cha amayi a ku tchalitchi chathu amene ankasonkha osandiuza. Bambo adapita ku Dedza kamodzi kokha, atangochira dzanja. Adanyamuka akunena kuti akukakonza malo kuti adzatitenge tonse, koma adabwerako mvula isanagwe. Amayi adangowapatsa madzi osamba. Bambo adangoti, "Nyumba ndi yabwino. Anthu amachokera midzi ina kudzaiona."

Nkhani yonse adandiuza atakalamba, pamene ankagwira ntchito ya ulonda pa malo ena okonzera magalimoto ku Kelvin. Adati kumudzi adawalandira ndi ulemu wonse. Azakhali adalira, adawafululira thobwa, ndipo anthu ankabwera nawo milandu kuti aweruze. Koma atapempha malo oti adzakhale ndi mkazi ndi ana, akuluakulu adayang'anana. Adati munda awapatsa, alime masiku onse a moyo wawo, koma minda yachepa, ana a mbumba achuluka, ndipo iwo akadzatsikira kuli chete ana awowo adzayenera kubwerera kwa mayi awo. Bambo pofotokoza zimenezi sadanyoze aliyense. Adati, "Adanena zoona. Inenso ndikadakhala pamenepo ndikadaweruza chimodzimodzi." Adamwalirira kuno, ndipo tidawaika ku manda a ku Luveve. Amayi adawasamala mpaka tsiku lomaliza, ndipo sindidawamvepo akuwakumbutsa za Lamlungu lija.

Inenso ndidadzagwira ntchito ku Belmont, mu ofesi ya fakitale yosoka zovala, kwa zaka zambiri. Malangizo a amayi ndidawasunga, ndipo ndinkafunsadi. Koma ndidapeza kuti kudziwa mwini wake wa chinthu sikumuchotsera munthu njala, ndipo ngakhale utamva kuti si chako umachipukutabe chifukwa ana akufuna kudya. Fakitaleyo idatsekedwa monga zidatsekedwera zambiri, ndipo penshoni imene tinkaiyembekezera idasanduka mapepala pamene ndalama idagwa mphamvu. Lero munthu akadutsa ku Belmont m'mawa amaona makombi, timabasi tating'ono, akutsitsa anthu ochepa, udzu utamera m'njanji, ndipo m'mashedi ena mmene munkalira makina muli matchalitchi. Ine ndimakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya eni ake, ku Luveve komwe kuno. Lendi amandilipirira mwana wanga wamkazi amene ali ku Joni. Amandisamala monga angathere, ndipo sindikufuna kuti wina awerenge izi ngati dandaulo pa iye.

Chaka chatha kudandifikira mtsikana wina wonyamula chikwama chachikulu, wolankhula Chichewa choyera cha ku Dedza chimene ndidali ndisanachimve kwa nthawi yaitali. Adati dzina lake ndi Tiyanjane, mdzukulu wa mlongo wawo wa malemu a Yohane, ndipo ali pa ulendo wa ku Joni kukafuna ntchito. Adandipeza pofunsa anthu a ku tchalitchi. Atapuma ndi kudya, ndidamufunsa za nyumba ya azakhali.

"Ilipo, agogo, yolimba ndithu," adatero. "Koma simugona munthu. Amalume ali ku Joni, amayi aang'ono ali ku Lilongwe. Amayi anga amasungiramo chimanga, chikakhalapo."

Ndidafunsa chifukwa chake iyenso akuchoka. Adaseka pang'ono. "Kamunda kake kamodzi, feteleza wake mtengo umenewo. Tikhalire chiyani, agogo? Tidye makoma?"

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chidatilakwira ndi mwambo. Pambuyo pake ndinkati adali mantha a bambo. Tsopano ndakalamba, ndipo sindikuonanso choncho. Mwambowo udapangidwira anthu amene munda wawo, manda awo, alongo awo ndi ana awo zonse zili pa mtunda woyenda pansi, ndipo kumeneko palibe mwana amasowa kwawo. Udasweka pamene mwamuna adatengedwa kupita kutali kukagwira ntchito, nyumba yake n'kutsala m'mbuyo. Mzinda uno udawauza bambo kwa zaka zambiri kuti iwo ndi odutsa, kuti ukufuna manja awo okha, ndipo iwo adakhulupirira. Pamene udasintha mawu kwa nyengo imodzi yozizira, sadathe kuukhulupirira msanga. Udawalipira malipiro ofolera denga limodzi, pamene iwo adali ndi mabanja awiri owayang'ana. Anthu a kumayadi kuja palibe amene adafunsidwapo kuti asankhe pakati pa mlongo wake ndi mwana wake. Mawu akuti chitukuko ndawamva kwa atsogoleri ambiri, akale ndi atsopano, ndipo sindikana kuti zinthu zidamangidwa. Ndimangodziwa kuti amene adazimanga ambiri adafera m'zipinda za lendi, ndipo adzukulu awo adakali panjira.

M'mawa mwake ndidamuperekeza Tiyanjane kukakwera kombi yopita m'tauni, kumene amakwerera mabasi a ku Joni. Tili chiimire adandigwira dzanja nati, "Agogo, mundiuzeko mawu oti ndipite nawo." Ndidafunafuna mumtima monga achitira akulu, koma sindidapeze mawu amene akanamusinthira ulendo wake. Kombi idafika, kondakitala akukuwa. Ndidangomuuza kuti akaimbira foni amayi ake awauze kuti ku Bulawayo adagona kwa abale ake. Adagwedeza mutu nakwera, ndipo ine ndidabwerera pang'onopang'ono, chifukwa mawondo anga masiku ano safuna kufulumizitsidwa, komanso kudalibe chondifulumizitsa.